Cimwala Cimene Sitinakwere

Makolo athu anatisiyira miyambi yambiri yonena za mlendo. Anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, ndipo cifukwa ca ico tiyenera kumsunga bwino masiku ocepa amene ali nafe. Anatinso mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti nzeru imene yasowa pamudzi ikhoza kubwera ndi munthu wakudza. Miyambi yotere iphunzitsa eni mudzi kalandiridwe ka alendo, ndipo ife a kuno kum'mawa tinaigwiritsa, pakuti ngakhale m'caka ca cilala mlendo sagona ndi njala. Koma mlendoyo naye ali ndi mwambo wake. Munthu woleredwa bwino akafika pakhomo pa eni aima capatali nanena kuti "Odi", ndipo salowa kufikira atamva yankho. Nanga acite ciani mlendo ngati eni ake amuyankha kuti, "Lowani ndithu, koma m'cipinda ico musalowemo"?

Funso limeneli lakula masiku ano cifukwa anthu ayenda kopambana kale. Ana athu agwira nchito ku Johannesburg, ku London ndi ku Perth, ndipo ife makolo amene tinali kuona ulendo wa ku Migodi ngati wa kumalekezero a dziko, lero tikwera ndeke kukaona adzukulu. M'caka ca 2019 maulendo a anthu opita kukaceza ku maiko ena anakwana pafupifupi 1.5 biliyoni. M'caka comweco ine ndi akazi anga tinali pakati pa khamu limenelo, popeza mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Australia, anatiitana kuti tikaone kumene akhala. Zimene ndifuna kukusimbirani, awerengi okondedwa, ndi za cimwala cimodzi ca m'dzikolo ndi mkangano umene cinabutsa m'banja lathu.

Pakati penipeni pa Australia pali cipululu ca mcenga wofiira, ndipo m'cipululumo muli cimwala cochedwa Uluru. Kutalika kwake kucokera pansi ndi mamita 348, ndiye kuti kuposa katatu kuya kwa mathithi athu a Mosi-oa-Tunya, ndipo munthu wofuna kucizungulira ndi miyendo ayenda mtunda wa makilomita 10 ndi kanthu. Cili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 450 kucokera ku tauni ya Alice Springs ngati muyenda pa mseu. Dzuwa likamatuluka kapena kulowa cimwalaco cisintha maonekedwe, cifiira ngati makala a moto, ndipo anthu acokera ku mbali zonse za dziko kudzaona zimenezi.

Eni malowo adzicha okha Anangu, liu limene m'cinenero cao litanthauza "anthu". Akhala kumeneko zaka zikwi zambiri. M'caka ca 1873 mzungu wina woyeza malo, William Gosse, anafika pa cimwalaco nacipatsa dzina lakuti Ayers Rock, kulemekeza Sir Henry Ayers amene anali mkulu wa boma la South Australia. Kwa ife nkhani yotere si yacilendo, pakuti David Livingstone anacita cimodzimodzi mu 1855 pamene anacha mathithi athu dzina la mfumukazi Victoria, ngati kuti eni ake anali asanawache dzina. Pofika mu 1958 boma linapatula malowo kuti akhale paki ya alendo, ndipo mu 1964 anakhoma unyolo pa cimwalaco kuti okwera azigwirira. Eni ake anakhala ngati alendo pakhomo pao.

Zinthu zinayamba kutembenuka pa 26 Okutobala 1985, tsiku limene boma la Australia linabwezera Anangu makalata a umwini wa malowo. Kubwezako kunali ndi cingwe cake: anayenera kubwereketsanso malowo ku boma kwa zaka 99 kuti apitirize kukhala paki. Komabe kucokera pamenepo pakiyo iyendetsedwa ndi bungwe limene Anangu ndiwo ali ambiri, ndipo gawo lina la ndalama zolipira pa cipata lipita kwa iwo. Bungwe la UNESCO linaika malowo m'kaundula wa cuma ca dziko lonse mu 1987 cifukwa ca cilengedwe cake, ndiponso mu 1994 cifukwa ca mwambo wa eni ake.

Ciyambire kubwezeredwa malo ao, Anangu anali kupempha alendo kuti asakwere cimwalaco. Anali ndi zifukwa zao. Iwo ali ndi lamulo la makolo limene alicha Tjukurpa, lofotokoza ciyambi ca dziko ndi mmene munthu ayenera kukhalira ndi anzake ndiponso ndi nthaka. Monga mwa lamulolo, njira imene alendo anali kukwerera ndiyo imene anadzera amuna a Mala, makolo ao a paciyambi, popita ku mwambo wao, ndipo si njira yodzera munthu aliyense. Cina ndi cakuti pamwamba panalibe zimbudzi, conco mvula ikagwa inali kukokolola zonyansa za okwera ndi kuzithira m'maiwe a m'munsi mmene nyama ndi mbalame zimwa. Cinanso ndi imfa: anthu oposa 35 anafera pa cimwalaco, ena kugwa, ena mtima kuleka cifukwa ca kutentha ndi kutopa. Poona mzere wa anthu okwawa pa unyolo, Anangu anawacha "minga", ndiko kuti nyerere. Nditamva liu limeneli ndinaseka ndekha, cifukwa kwathu minga ndi ija ilasa kuphazi.

Cimene cinandigwira mtima ndi cakuti kwa zaka zoposa 30 eni akewo sanatseke njira. Anangoika cikwangwani m'munsi copempha mwaulemu, m'zinenero zingapo, nasiya mlendo kuti asankhe yekha. Pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kumva. Mu 1990 alendo 74 mwa 100 alionse anali kukwera. Pofika mu 2015 anatsala 16 cabe mwa 100. Pamenepo, pa 1 Novembala 2017, bungwe loyendetsa pakiyo linagwirizana onse pamodzi kuti kukwera kudzatsekedwa pa 26 Okutobala 2019, tsiku lokumbukira kuti papita zaka 34 cibwezeredwe malowo.

Ife tinafika m'mwezi wa Ogasiti, kutatsala miyezi iwiri kuti tsikulo likwane. Tinali asanu m'motoka: ine, akazi anga, mwana wathu ndi amuna ake, ndi mdzukulu wathu wa zaka 17 amene anacoka ku Zambia ali wa zaka zinai. Cimene tinapeza cinali codabwitsa. Anthu atamva kuti njira idzatsekedwa anathamangira kumeneko mwaunyinji kuti akwere nthawi isanathe. Malo ogona a ku Yulara, katauni ka alendo kamene kali kunja kwa paki, anali odzaza, ndipo ena anali kugona m'mbali mwa mseu. Pa unyolo panali mzere wosaduka kucokera pansi kufikira pamene maso alekezera. Nyerere zenizeni.

Mdzukulu wanga anayang'ana mzerewo nthawi yaitali, nanena kuti mawa m'mawa naye akwera. Amake anati sakwera. Atate ake, amene ndi munthu wosakonda phokoso, anati zimenezo afunse ambuya ake. Madzulo amenewo mnyamatayo anadza kwa ine ndi mfundo zake zokonzeka bwino, ndipo ndiyenera kunena kuti sizinali zacibwana.

"Ambuya," iye anatero, "lamulo la boma silinaletse, liyamba mu Okutobala. Talipira pa cipata madola 25 munthu mmodzi ngati wina aliyense. Anthu mazana akwera tsiku lililonse, nanga mapazi anga awiri ndiwo aononge ciani? Ndiponso ife ndife Akhristu, za mizimu ya makolo ao sitikhulupirira. Ndikapanda kukwera tsopano sindidzakweranso moyo wanga wonse."

Pa mfundo yotsirizayi ananena zoona, ndipo sindinafune kumnamiza kuti sataya kanthu. Ndinangomufunsa ngati ndalama ija tinalipira inali yogulira cimwala kapena yopempha kulowa pakhomo pa eni. Munthu akakupatsa malo ogona m'nyumba mwake, ngakhale utamlipira, sindiye kuti wakupatsa mfungulo ya cipinda ciliconse. Za cikhulupiriro ndinamuuza kuti palibe amene anamupempha kuti apembedze makolo a Anangu. Cimene anapempha ndi cakuti pamalo pamene iwo ayesa popatulika iye asapondepo. Mnzako wosapemphera akalowa m'chalichi mwathu avula cisoti, ngakhale sakhulupirira zimene ife tikhulupirira, ndipo akakana kuvula sitinena kuti ndi wolimba m'cikhulupiriro cake, tinena kuti ndi wamwano. Ndinamkumbutsanso kuti Papa Yohane Paulo II, amene anadza kwathu ku Zambia mu 1989, anafika ku Alice Springs mu Novembala 1986 kukalankhula ndi eni nthaka a Australia, nawalimbikitsa kuti asalole mwambo wao kufa.

Mnyamatayo anamvetsera mwaulemu, koma ndinaona kuti mau anga sanafike pamtima. Amene anafikapo ndi ambuya ake aakazi, amene nthawi yonseyi anali cete pa mpando wao wa mawilo. Iwo anasimba za kumudzi kwao ali mtsikana. Tsiku lina munthu wapaulendo, wosadziwika kumene acokera, anapempha malo ogona, ndipo usiku anadwala namwalira. Mudzi wonse unaleka kulima. Anyakwawa anatuma anyamata mbali zonse kukafunafuna abale ake, amai anaphika ndi kugona pamaliro, ndipo atate ao anapereka mphasa yao yatsopano. Munthuyo sanali mbale wa aliyense, koma anafera m'manja mwao, ndipo kwa zaka zambiri akulu anali kufunsana ngati panalibe cimene akanacita kuti akhale ndi moyo.

"Wawerenga cikwangwani cija, iwe," anatero. "Eni ake anena kuti mlendo akafera pa cimwala cao iwo alira. Ine ndiwamvetsa, cifukwa ndinaona mudzi ukulira mlendo. Ukagwa pamenepo udzaliritsa amako, udzaliritsanso anthu amene anakupempha kuti usakwere."

Sanayankhe. Ndinamuuza kuti ndi wamkulu, sindidzamugwira mwendo, asankhe yekha monga mmene eni ake anasiyira alendo kusankha. M'mawa mwake tinam'peza ataima pa motoka, nkhope ili gwa, atapinda kale mpando wa ambuya ake ndi kuulonga kumbuyo.

Tsikulo tinatsata njira yochedwa Mala, imene iyambira pafupi ndi pamene okwera anali kuyambira, koma iyo idzera m'munsi mwa cimwala kufikira ku cigwa ca Kantju. Kupita ndi kubwera ndi makilomita awiri, ndipo inakonzedwa mosalala kuti mpando wa mawilo uziyenda. Woyang'anira paki anali kutsogolera gulu kwaulere. Apa ndipo ndinaona cinthu cimene sindinaciganizirepo kale. Akazi anga maondo anawakana zaka zambiri zapitazo, ndipo pa maulendo ambiri iwo akhala munthu wotsala m'motoka kusunga zikwama pamene ena apita kukaona zokaona. Kukwera cimwala kunali kwa anyamata ndi amphamvu okha. Njira ya m'munsiyi inatitenga tonse: nkhalamba, mai wa mwana wakhanda, ndi mnyamata wokankha ambuya ake.

Ndipo zoona zinali m'munsimo. Tinaona phanga lokhala ndi zithunzi zojambula pamwala mmene akulu anali kuphunzitsira anyamata za kusaka ndi za dziko lao. Tinaona phanga lina limene amai anali kukonzeramo cakudya, ndipo pansi pake mwala unali wosalala pamene anali kuperera njere za kuthengo. Akazi anga anapempha kuti awasendeze pafupi, nayang'anitsitsa, nanena kuti, "Iyi ndi mphero." Anayamba kufotokozera mdzukulu wao mmene amai ao anali kuperera mawere, kagwiridwe ka mwana wa mphero ndi kagwadidwe kake, zinthu zimene mnyamata wokulira ku Australia anali asanamvepo. Patsogolo pang'ono tinafika pamalo a mwambo wa amai pamene pali cikwangwani coletsa kujambula. Gulu lonse linatsitsa mafoni, tinadutsa mwacete.

Sindinganene kuti mdzukulu wanga anabwerako wokondwa. Kufikira lero akaona cithunzi ca cimwalaco anena kuti anzake a kusukulu anakwera ndipo iye yekha ndiye sadziwa mmene dziko lionekera ukaima pamwamba paja. Ndi zoona, ndipo sadzadziwa, pakuti madzulo a pa 25 Okutobala 2019 njira inatsekedwa ndipo pambuyo pake unyolo unazulidwa. Ulemu uli ndi mtengo wake, ndipo amene aphunzitsa ana kuti kucita bwino sikutayitsa kanthu awakonzera kukhumudwa.

Ndisakunamizeninso kuti kutseka njirako kunathetsa mabvuto a Anangu. Mudzi wao wa Mutitjulu uli pafupi ndi cimwalaco, ndipo alendo saloledwa kulowamo popanda cilolezo. Umphawi ndi kusowa kwa nchito pakati pa eni nthaka a m'midzi ya m'cipululu ndi nkhani yodziwika m'dziko lonse la Australia, ngakhale mahotela a pafupi alandira alendo zikwi mazana pa caka. Cifukwa ca ico mlendo woganiza afunsanso kuti ndalama yake itsala m'thumba la yani. Pa nyumba ya mwambo ya m'pakimo, imene inatsegulidwa mu 1995, pali malo ogulitsirapo zosema ndi zojambula a Anangu eni ake. Kumeneko ndiko tinagula kambale kamtengo kolembedwa ndi waya wamoto, ndipo mtengo umene anachula ndi umene tinapereka. M'nyumba yomweyo tinaona makalata a anthu a m'maiko osiyanasiyana amene anatola timiyala pa Uluru napita nato kwao, ndipo patapita zaka anatitumizanso pa positi ndi mau opepesa. Safunsa anadya phula.

Pobwerera ndinali kulingalira za kwathu, cifukwa nafenso tili ndi malo ndi miyambo imene anthu adza kudzaona. Caka ndi caka mu Ogasiti Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika pafupi ndi Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu Febuluwale Angoni acita Nc'wala ku Mtenguleni. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo kucokera apo ofuna kumuona aculuka. Tizolowera kuganiza kuti mlendo wosasamala ndi mzungu wa kamera. Koma amene ndaona akupanikiza ovina ndi foni kumaso, akuyenda pakati pa bwalo gule ali mkati, kapena akufunsa mokuwa zinthu zimene sizinenedwa pagulu, kawirikawiri ndi ana athu omwe ocokera ku Lusaka ndi ku Migodi. Munthu akhoza kukhala nyerere ndi minga pa mudzi wa ambuya ake.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ine sindiletsa munthu kuyenda. Amene ali ndi mwai apite akaone Mosi-oa-Tunya, akaone nyama ku Mfuwe, akaone ngakhale maiko a kutsidya kwa nyanja. Koma asananyamuke afunse kuti kumene apitako eni ake ndani ndipo apempha ciani kwa alendo. Asanajambule munthu, manda kapena gule, apemphe, ndipo akakanizidwa abweze foni m'thumba osang'ung'udza. Pogula mtanga kapena cosema akumbukire masiku amene mmisiri anathera pa nchitoyo asanayambe kunenerera mtengo. Ndipo pokonza ulendo wa banja kapena wa gulu, ayambe waganizira amene ayenda ndi ndodo, wosaona ndi wa mpando wa mawilo, pakuti ambiri a iwo atsala kunyumba popanda wowafunsa ngati afuna kupita nao.

Kwa inu mafumu, anyakwawa ndi akulu osunga miyambo, nkhani ya Anangu ili ndi mau ake. Iwo sanathamangitse alendo, ndipo alendo sanaleke kudza pamene ambiri analeka kukwera. Anasankha okha zimene angaonetse ndi zimene ayenera kusunga, nafotokoza cifukwa cake moleza mtima kwa zaka 34. Nafenso tikhoza kulandira mlendo ndi manja awiri, kumpatsa mpando pa bwalo ndi kumfotokozera tanthauzo la zimene aona, koma akafuna kutsata njira ya ku dambwe timuuze poyera kuti kumeneko sikupitidwa, ngakhale atatulutsa ndalama zingati.